Galimoto Zodziyendetsa: Kuyerekeza Njira Zinayi Zotetezera Anthu Pamsewu

Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 28 pa sekondi iliyonse. Dalaivala amene anazyolikira pa foni akatenga masekondi 4 kuti adzutse mutu, agwire chiwongolero ndi kumvetsa zimene zili kutsogolo, galimotoyo imakhala itadutsa mtunda woposa kutalika kwa bwalo la mpira popanda woiyang'anira. Aliyense wofuna kusankha galimoto yodzithandiza kuyendetsa, kaya ndi ya banja, ya kampani yonyamula anthu kapena ya pa mgodi, ayambire pa masamu amenewa. Pamsewu wosalala, kunja kukuwala bwino, zonse zimaoneka zanzeru. Kusiyana kwake kumaoneka chinthu chimodzi chikalephera: kamera ikathobwa ndi dzuwa, waya akaduka, kapena pulogalamu ikakumana ndi chinthu chimene sinachionepo.

Zoyenera kuyang'ana musanasankhe

Choyamba, woyendetsa ndani? Bungwe la mainjiniya a galimoto la SAE International linatulutsa mu 2014 muyezo wotchedwa J3016, womwe umagawa galimoto m'milingo kuyambira 0 mpaka 5. Pa mlingo 2 galimoto imawongola ndi kusintha liwiro yokha, koma woyendetsa ndinu, mphindi iliyonse, ndipo ngozi ikachitika mlandu ndi wanu. Pa mlingo 3 galimoto imayendetsa yokha pamalo ena, mukhoza kuchotsa maso pamsewu, koma ikakuitanani muyenera kubwerera. Pa mlingo 4 sikuitana munthu n'komwe: zikavuta imadziimika yokha, koma imagwira ntchito m'dera lokhalo limene inakonzedwera. Ya mlingo 5, yoyenda paliponse nyengo iliyonse, palibe amene akuigulitsa. Dzina limene kampani yapatsa chida chake silisintha mlingo, choncho funsani nambala.

Chachiwiri, imaona ndi chiyani? Kamera ndi yokhayo imene imawerenga mtundu wa maroboti, zikwangwani ndi mizere ya pamsewu, koma mtunda imachita kuyerekeza kuchokera pa chithunzi, ndipo imavutika ndi mdima, dzuwa lotsika lothoba m'maso komanso kusintha kwadzidzidzi kwa kuwala potuluka mumsewu wa pansi pa phiri. Rada, yomwe m'galimoto zambiri imagwiritsa ntchito mafunde a 77 GHz, imayeza mtunda ndi liwiro la chinthu mwachindunji mpaka mamita oposa 200, ndipo chifunga kapena mdima sizimaisokoneza kwenikweni. Vuto lake ndi loti maonekedwe a chinthucho siiwazindikira bwino. Lidar imaponya timiyuni ta laser tosaoneka ndi maso n'kuwerenga nthawi imene tatenga kuti tibwerere. Ikatero imajambula zonse zozungulira galimoto molondola mpaka masentimita ochepa, usana ndi usiku, koma mvula yamphamvu, chifunga ndi fumbi zimamwaza timiyunito, ndipo zinthu zakuda bii zimabweza kuwala kochepa. Chilichonse mwa zitatuzi chili ndi pofooka pake. Funso ndi lakuti kodi zofookazo zimakumana nthawi imodzi kapena ayi.

Chachitatu, chida chikafa pali chinzake chodikirira? Galimoto wamba ikataya mphamvu ya chiwongolero, mikono ya dalaivala ndiyo imapulumutsa. Ngati dalaivala palibe kapena sakuyang'ana, pafunika mota yachiwiri ya chiwongolero, njira yachiwiri yomangira mabuleki, batire lachiwiri la mawaya akeake ndi kompyuta ina yoti imalize kuimitsa galimoto. Muyezo wa ISO 26262, wa mu 2011, ndiwo umalongosola kapangidwe ka zida zoti zikawonongeka zisaphe munthu, ndipo gawo lake lolimba kwambiri ndi ASIL D. Wina wa ISO 21448, wa mu 2022, umakamba za vuto lina lovutirapo: palibe chawonongeka, chida chilichonse chikugwira monga anachipangira, koma pulogalamu yamva molakwika zimene yaona.

Chachinayi, malire ake ndi ati, ndipo imawadziwa yokha? Msewu wotani, liwiro lanji, nyengo yotani, masana kapena usiku. Galimoto yokonzedwa bwino imakana kuyamba kudziyendetsa ikakhala kunja kwa malire ake. Yololera kuyatsidwa paliponse imasiya udindo wonse wodziwa malirewo kwa munthu amene mwina sanawerengepo buku la galimotoyo.

Chachisanu chikukhudza galimoto zonse zodalirabe munthu: imadziwa bwanji kuti ali maso? Zina zimangomva kulemera kwa dzanja pachiwongolero, njira yosavuta kuinamiza ndiponso yosanena chilichonse za kumene maso ali. Zina zili ndi kamera ya infrared yoyang'ana nkhope, imene imaona ngakhale usiku kapena munthu atavala magalasi ambiri a dzuwa.

Njira yoyamba: kamera ndi rada, munthu akuyendetsa

Iyi ndi mlingo 1 ndi 2 wamba: kamera imodzi kapena ziwiri kuseri kwa galasi la kutsogolo, rada kuseri kwa bampala kapena chizindikiro cha kampani, nthawi zina marada ang'onoang'ono m'makona a kumbuyo. Imamanga mabuleki yokha ngozi ikayandikira, imasunga mpata ndi galimoto yakutsogolo, imathandiza kukhala pakati pa mizere. Mtundu wake wapamwamba, monga Super Cruise ya General Motors imene inayamba mu 2017 kapena BlueCruise ya Ford, umalola kuchotsa manja pamisewu ikuluikulu yojambulidwa kale pa mapu, maso akadali pamsewu.

Mtengo: Ndi yotsika kuposa zonse. M'galimoto zatsopano zambiri zida zoyambira zimabwera mumtengo wa galimotoyo. Zolola kuchotsa manja kawirikawiri zimalipiridwa padera, pamwezi kapena pachaka, nthawi yoyeserera ikatha.

Kupezeka: Pafupifupi kampani iliyonse yaikulu ili nayo. Mayiko a mu European Union anakhazikitsa kuti kuyambira Julayi 2024 galimoto yatsopano iliyonse ikhale ndi mabuleki odzimanga okha, chothandiza kusachoka mumzere ndi chochenjeza dalaivala wosinza. Ku United States lamulo lonena za mabuleki odzimanga linasainidwa mu 2024. Ogula galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito yochokera dziko lina adziwe kuti zida zodalira mapu zimasiya kugwira kunja kwa misewu imene kampani inajambula, ndipo chowerenga zikwangwani chimatha kusokonezeka ndi zikwangwani za dziko lina.

Kusamalira: Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Kamera ndi rada zimafunika kuchunidwa kuti ziloze ndendende kumene galimoto ikulowera. Sensa, kutanthauza chida choonera ngati kamera kapena rada, ikapendekeka ndi digiri imodzi yokha, pa mtunda wa mamita 100 imakhala ikuyang'ana mamita 1.7 kumbali, theka la mzere wathunthu wa msewu. Choncho mukasintha galasi la kutsogolo, mukachotsa bampala, mukakonza alayimenti, mukasintha kukula kwa matayala kapena kukweza galimoto, ichunidwenso. Kuchuna kuli mitundu iwiri: kwa m'galaja, pamalo athyathyathya, ataika mabolodi a zizindikiro pa mtunda woyezedwa ndi tepi, ndi kwa pamsewu, makaniko atalumikiza kompyuta n'kuyendetsa pamsewu wa mizere yooneka bwino. Galimoto zina zimafuna zonse ziwiri. Penti yokhuthala, mastika, nambala puleti yoikidwa molakwika kapena zitsulo zotchingira kutsogolo zimaphimba rada. Choopsa n'chakuti sensa yopendekeka pang'ono nthawi zambiri siyatsa nyali yochenjeza, imangogwira ntchito molakwika mwakachetechete.

Zoopsa: Phindu lake ndi lodziwika. Kafukufuku wa IIHS, bungwe lofufuza za chitetezo cha galimoto ku United States, anapeza kuti mabuleki odzimanga, pamodzi ndi chochenjeza, amachepetsa ndi theka ngozi zogunda galimoto ina kumbuyo. Koma bungwe lomwelo mu 2022 linapezanso kuti pamisewu yopanda magetsi usiku, zida zozindikira woyenda pansi za nthawi imeneyo sizinkachepetsa ngozi. Vuto lina lalikulu ndi zinthu zoima. Rada yakale imaona mlatho, chikwangwani chopachikidwa pamwamba ndi galimoto yofa pamsewu ngati zinthu zofanana, chifukwa siitha kuyeza msinkhu bwino. Kuti galimoto isamangomanga mabuleki pansi pa mlatho uliwonse, opanga amauza pulogalamu kuti pa liwiro lalikulu isamakhulupirire rada yokha pa zinthu zosayenda. Ndiye galimoto imene mukuitsatira ikapatuka mwadzidzidzi kuzemba lole yoima, yanu ikhoza kuchedwa kuiona loleyo. Mabuku a galimoto zambiri amalemba chenjezo limeneli poyera. Choopsa chomaliza ndi munthu mwini: chida chikamagwira bwino miyezi ingapo, maso amayamba kuyendayenda. Mu Malichi 2024 IIHS inayesa zida 14 za mlingo 2 pa mmene zimatetezera kuti dalaivala asatayirire, ndipo chimodzi chokha ndicho chinapezeka chovomerezeka, 11 zinalephera.

Njira yachiwiri: makamera okhaokha

Tesla ndiyo inatchuka ndi njirayi. Mu 2021 inayamba kusiya kuika rada m'galimoto zake zina, mu 2022 inachotsanso timasensa ta ultrasonic toyezera pafupi poimika galimoto, n'kutsala ndi makamera pafupifupi 8 ozungulira galimoto ndi kompyuta yamphamvu yophunzitsidwa ndi mavidiyo ochuluka. Maganizo ake ndi akuti misewu inapangidwira maso a munthu, ndiye maso ndi ubongo wabwino zikwanira. Ndiponso masensa osiyana akatsutsana, pulogalamu imavutika kusankha womumvera. Mfundo yachiwiriyi ndi yoona, ndipo opanga onse amalimbana nayo. Koma kuchotsa mboni yachiwiri kumathetsa mkangano osati kulakwitsa.

Mtengo: Zida zake n'zotsika mtengo, ndalama zili mu pulogalamu. Ku United States pulogalamu ya Full Self-Driving inafika madola 15,000 mu 2022, inatsika kufika madola 8,000 mu 2024, ndipo chaka chomwecho yolipira pamwezi inali madola 99.

Kupezeka: Imadalira malamulo a dziko. Zimene galimoto imaloledwa kuchita ku United States ndi Canada si zomwezo kumayiko ena, ndipo wogula afufuze chimene chimagwiradi kumene galimotoyo izikayenda. Ubwino wake ndi woti sidalira mapu atsatanetsatane, choncho imayesa kuyenda ngakhale pamsewu wachilendo. Ya anthu wamba ikadali mlingo 2, ndipo kampaniyo inawonjezera pa dzina la pulogalamuyo mawu osonyeza kuti imafuna woiyang'anira.

Kusamalira: Masensa ndi ochepa, zochuna n'zochepa, ndipo makamera amadzichuna okha galimoto ikayenda makilomita angapo pamsewu wa mizere. Koma ukhondo wa magalasi ndiwo moyo wake. Matope pa kamera ya m'mbali, nthunzi mkati mwa kabokosi ka kamera ya kutsogolo, waipa yotha yosiya mizere ya madzi, zonsezi zimachepetsa kuona popanda china cholowa m'malo. Pulogalamu imasinthidwa kudzera pa intaneti, zimene zimakonza zolakwika msanga, koma zimatanthauzanso kuti galimoto imene munaizolowera mwezi watha ikhoza kuchita mosiyana lero pamphambano yomweyo. Kompyuta nayo imakalamba: mapulogalamu atsopano amakula kuposa mphamvu ya kompyuta ya m'galimoto zakale.

Zoopsa: Makamera onse amafooka ndi chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Dzuwa likamalowa kutsogolo, kapena fumbi likakwera, palibe sensa ya mtundu wina yoti inene kuti kutsogolo kuli chinthu pa mamita 60. Mu Okutobala 2024 bungwe loona za chitetezo cha pamsewu ku United States, NHTSA, linatsegula kafukufuku wa galimoto za Tesla pafupifupi 2.4 miliyoni potsatira ngozi zinayi zimene zinachitika kukuoneka movutikira chifukwa cha dzuwa, chifunga kapena fumbi. Izi zisanachitike, mu Disembala 2023, galimoto zoposa 2 miliyoni zinasinthidwa pulogalamu chifukwa njira zoonetsetsa kuti dalaivala ali tcheru zinali zosakwanira. Ndipo pali chinthu china chobisika: galimoto ikamatha kukhota pamphambano, kuzungulira pa raundabauti ndi kupitirira zinzake, munthu amaikhulupirira kwambiri kuposa yongosunga mzere, chonsecho udindo wake sunachepe ngakhale pang'ono.

Njira yachitatu: mlingo 3, galimoto iyendetsa kenako ikubwezerani

Honda ndiyo inayamba kugulitsa yotere, mtundu wa Legend, ku Japan mu Malichi 2021, galimoto 100 zokha. Mercedes-Benz inalandira chilolezo ku Germany mu Disembala 2021 n'kuyamba kugulitsa Drive Pilot mu 2022. BMW inatsatira mu 2024. Maziko a malamulo ake m'mayiko ambiri ndi lamulo la United Nations nambala 157, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2021 ndi malire a makilomita 60 pa ola, kenako linakwezedwa kufika 130. Kapangidwe kake n'kosiyana kwambiri ndi njira ziwiri zoyambazi. Ya Mercedes ili ndi lidar, marada, makamera, mapu olondola mpaka masentimita, timaikolofoni tomvera sayirini ya ambulansi, ngakhalenso sensa ya m'mphako ya tayala yomva ngati msewu wanyowa. Chiwongolero, mabuleki ndi magetsi zonse zili ndi zinzake zodikirira.

Mtengo: Mu 2022 ku Germany Drive Pilot inkawonjezera mayuro 5,000 pa S-Class ndi 7,430 pa EQS, galimoto zimene ndi zodula kale. Ku United States inayamba ndi madola 2,500 pachaka.

Kupezeka: N'kochepa kwambiri, ndipo kumasintha chaka ndi chaka, choncho funsani za galimoto ya chaka chimene mukugula. Ku United States chilolezo chinaperekedwa mu 2023 ku Nevada ndi California kokha, pamisewu ikuluikulu yosankhidwa, masana, kunja kuli bwino, liwiro losaposa makilomita 64 pa ola. Ku Germany malire anakwezedwa kumapeto kwa 2024 kufika makilomita 95 pa ola, mumzere wa kumanja, pali galimoto ina patsogolo yoitsatira. Kunja kwa malire amenewa galimotoyi imakhala ya mlingo 2 ngati ina iliyonse.

Kusamalira: Walira mvula walira matope. Kugundana pang'ono kutsogolo kumene kukanangofuna bampala yatsopano tsopano kukukhudza lidar, rada ndi kuchuna zonse kuti zigwirizane, ntchito imene imachitikira kwa dila wa kampaniyo yekha. Mapu ayenera kulandira zosintha pafupipafupi, ndiye intaneti ya m'galimoto isaduke. Kampani ikadzasiya kusamalira mapu kapena pulogalamuyo, zida zonsezo zidzangokhala katundu.

Zoopsa: Ubwino waukulu ndi woti malire ndi omveka ndipo galimoto imawasunga yokha. Lamulo 157 limafunanso kachipangizo kolemba kuti pa sekondi iliyonse woyendetsa anali ndani, zimene zimathandiza pa mlandu ndi pa inshuwalansi. Pofooka pake ndi pa kulandirana. Galimoto ikaitana, munthu amapatsidwa masekondi 10. Pa makilomita 60 pa ola amenewo ndi mamita 167, pa 95 ndi mamita oposa 260, ndipo mtunda wonsewo galimoto iyenera kudzisamalira yokha pa vuto lomwelo limene laichititsa kuitana. Kugwira chiwongolero n'kwachangu, koma kudziwa kuti m'mbali muli ndani ndi chifukwa chake mwaitanidwa kumatenga nthawi yotalikirapo. Munthu akapanda kuyankha, ya Mercedes imachepetsa liwiro mpaka kuima mumzere mwake momwemo, kuyatsa mahazadi, kuimba foni ya ngozi ndi kutsegula maloko. Kuima pakati pa msewu waukulu n'kwabwino kuposa kupitirira, koma si malo otetezeka. Kugona n'koletsedwa, ndipo kamera ya mkati imayang'anira zimenezo. Vuto la kulandiranali ndi limene linachititsa Google, itaona antchito ake akutayirira m'galimoto zoyeserera, kusiya njira yodalira munthu n'kulunjika pa mlingo 4.

Njira yachinayi: mlingo 4, yopanda dalaivala m'dera losankhidwa

Waymo, yomwe inayamba ngati ntchito ya Google mu 2009, inatsegulira anthu onse matakisi opanda dalaivala ku Phoenix mu Okutobala 2020, kenako San Francisco, Los Angeles, Austin ndi Atlanta. Ku China, Apollo Go ya Baidu imayenda ku Wuhan ndi mizinda ina. Galimoto za Waymo za mtundu wa Jaguar I-Pace zili ndi makamera 29, ma lidar 5 ndi marada 6. M'badwo wotsatira, womwe unalengezedwa mu 2024, uli ndi makamera 13, ma lidar 4 ndi marada 6. Cholinga n'chakuti mbali iliyonse ya galimoto izionedwa ndi masensa a mitundu yosiyana, ndipo kompyuta yaikulu ikafa, yachiwiri iimike galimoto bwinobwino. Kuli anthu ku ofesi amene galimoto imawafunsa ikazingwa, monga pamalo omanga msewu, koma amangoilangiza, sayendetsa.

Mtengo: Ndi yodula kuposa zonse, ndipo ndalama zambiri sizili pa masensa. Lidar yozungulira ya Velodyne imene inali padenga la galimoto zoyeserera zoyambirira inkagulidwa madola pafupifupi 75,000; masiku ano ma lidar a galimoto wamba afika madola mazana ochepa. Zodya ndalama ndi kujambula mapu, malo ochajira ndi kutsukira, ogwira ntchito usana ndi usiku, inshuwalansi ndi zaka za kuyesa. General Motors inathira mabiliyoni a madola mu Cruise, kampani yake ya matakisi opanda dalaivala, n'kusiya ntchito ya matakisiyo mu Disembala 2024.

Kupezeka: Munthu wamba saigula, amangokwera. Mzinda uliwonse watsopano umafuna mapu ake, kuyesa kwake ndi chilolezo chake. Kumalo otsekedwa njirayi inakhwima kale: m'migodi ya Pilbara ku Australia, malole akuluakulu a Komatsu opanda dalaivala anayamba kuyenda mu 2008.

Kusamalira: N'kwa tsiku ndi tsiku. Masensa amakhala ndi timawaipa, topopera madzi ndi zotenthetsa, komabe amayenderedwa ndi munthu galimoto ikabwerera kudepoti. Mapu amasinthidwa msewu ukasintha. Pulogalamu yatsopano iliyonse imayesedwa kaye pa kompyuta ndi pabwalo loyeserera, chifukwa cholakwika chimodzi chimalowa m'galimoto zonse usiku umodzi.

Zoopsa: Ngozi ziwiri zimaphunzitsa zambiri kuposa chiwerengero cha masensa. Pa 18 Malichi 2018 ku Tempe, Arizona, galimoto yoyeserera ya Uber inapha mayi amene ankawoloka msewu usiku akukankha njinga. Bungwe la boma lofufuza ngozi la NTSB linapeza kuti masensa anamuona masekondi 5.6 ngozi isanachitike. Pulogalamu inkangosinthasintha, pena galimoto, pena njinga, pena chinthu chosadziwika, ndipo ikasintha inkaiwala njira imene munthuyo wadzera. Sinakonzedwe kuyembekezera munthu wowoloka pamalo opanda mizere yowolokera. Itazindikira ngozi kutatsala masekondi 1.2, inali ndi lamulo lodikira sekondi imodzi isanachite kanthu pofuna kupewa kumanga mabuleki pachabe. Mabuleki odzimanga amene Volvo inaika m'galimotoyo anali atazimitsidwa, ndipo woyang'anira amene anakhala pachiwongolero maso ake anali pa foni. Maso anaona, kapangidwe ndiko kanalephera. Yachiwiri ndi ya pa 2 Okutobala 2023 ku San Francisco: galimoto yoyendetsedwa ndi munthu inagunda woyenda pansi n'kumuponyera kutsogolo kwa takisi ya Cruise. Takisiyo inaima, kenako poganiza kuti yagundidwa m'mbali, inayamba kupatukira m'mphepete monga anaiphunzitsira, ikukoka munthuyo kunsi kwake mamita pafupifupi 6. Njira yomweyo yodzitetezera ndiyo inawonjezera kuvulala, ndipo California inaimitsa chilolezo cha kampaniyo mwezi womwewo. Umboni wa mbali inayo uliponso: kafukufuku wa Waymo ndi kampani ya inshuwalansi ya Swiss Re wa mu 2024, pa mamailosi 25.3 miliyoni, anapeza madandaulo a kuvulala ochepa ndi 92 peresenti poyerekeza ndi madalaivala a anthu. Powerenga zimenezi kumbukirani kuti mtundawo unayendedwa m'mizinda yofunda, yojambulidwa bwino, makamaka m'misewu ya m'tauni. Imfa zapamsewu zimachitika patalipatali moti bungwe la kafukufuku la RAND linawerengera mu 2016 kuti pangafunike mamailosi 275 miliyoni opanda imfa kuti munthu atsimikize ndi masamu kuti makina sakupha kuposa anthu.

Yoyenera yani

Wogula galimoto ya banja kapena ya ntchito, yoyenda misewu yosiyanasiyana, ina ya mizere yofufutika, atenge njira yoyamba. Aonetsetse kuti ili ndi rada pamodzi ndi kamera, mabuleki ozindikira woyenda pansi ndi wapanjinga, ndipo ngati n'kotheka kamera yoyang'ana maso a dalaivala. Asanalipire afunse ngati kumene izikakonzedwa kuli zida zochunira. Ngati ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, afufuze ngati galasi kapena bampala zinasinthidwapo, ndipo ichunidwe isanayambe maulendo aatali.

Kampani ya malole, mabasi kapena galimoto zambiri zogawira katundu ipindula kwambiri ndi njira yomweyi, bola iike m'dongosolo la sevisi kuchuna ndi kutsuka masensa, ndiponso iphunzitse madalaivala za vuto la zinthu zoima ndi la usiku.

Njira ya makamera okhaokha ikuyenera munthu amene amayenda kwambiri masana, kumene nyengo ili yoyera, ndipo ali wokonzeka kuyang'anira galimoto ngati mmene mphunzitsi amayang'anira wophunzira kuyendetsa. Kumene kumachita chifunga, fumbi kapena mvula yamphamvu kawirikawiri, kapena kwa woyenda usiku atatopa, si yoyenera kuidalira.

Mlingo 3 uli ndi phindu kwa yekhayo amene tsiku lililonse amathera nthawi yaitali mumndandanda wa galimoto pamsewu waukulu wovomerezeka, m'dziko limene lamulo limaulola. Atenge mapu a misewu yololedwa ayerekeze ndi njira yake, awerenge kuti pa sabata chidacho chizigwira mphindi zingati, kenako aone ngati mtengowo ukugwirizana nazo.

Mzinda, doko, mgodi kapena bwalo la ndege lofuna kuchotsa dalaivala lilibe njira ina koma yachinayi, yokhala ndi masensa a mitundu itatu ndi zida zodikirira pa chiwongolero, mabuleki, magetsi ndi kompyuta. Liyambe ndi dera laling'ono la liwiro lotsika, ndipo lisanasaine mgwirizano lifunse wopanga kuti alembe chimene galimoto imachita intaneti ikaduka, maroboti akazima, wapolisi akaimika ndi dzanja, komanso ikagunda chinthu ndipo sikudziwa kuti kunsi kwake kuli chiyani.